Opaleshoni ya Karydakis pa chithupsa cha kumapeto kwa msana: mmene ndinaionera

Kwa zaka zitatu ndinavutika ndi chithupsa chimene chinkatuluka kumapeto kwa msana, pamene pamayambira mpata wa matako, ndipo popeza ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto ya katundu pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, mpando unasanduka mdani wanga. Madokotala amalitcha vutoli pilonidal sinus, ndipo limayamba ubweya wothothoka ukabaya khungu la mumpatamo n'kuboola kauna kamene kamadzaza mafinya.

Kuchipatala choyamba anadula malo onsewo n'kusiya bala lotseguka, moti kwa miyezi iwiri mayi a kunyumba ankalitsuka ndi kuikamo thonje m'mawa uliwonse. Linapola, koma chaka chisanathe chithupsa chinabwerera pomwepo.

Ndinapita tsono kuchipatala china cholipira ku Johannesburg, kumene dokotala anandijambulira papepala njira ziwiri zotsekera balalo ndi chigamba cha khungu langa lomwe. Pa njira ya Limberg amadula malo odwalawo ngati dayamondi ya pamakadi, kenako amapotoza khungu la patako kuti litseke dzenjelo. Ine anandisankhira njira ya George Karydakis, dokotala wa ku Greece amene anaifalitsa mu 1973. Pa njirayi amadula mozungulira ngati dzira koma mopendekera mbali imodzi, n'kukoka khungu la mbali inayo limodzi ndi mafuta ake, kuti msoko ukhale pambali. Apa m'pamene pagona nzeru yonse, chifukwa pakatikati pa mpatawo pamakhala thukuta ndiponso pamakhuzika munthu akamayenda, choncho bala la pamenepo silichedwa kutumbuka. Mpatawo umasalalanso, ubweya n'kusowa pobisala.

Ntchito ya m'chipinda cha opaleshoni sindingaichotsere. Anandibaya jakisoni wa pamsana, sindinamve kanthu, ndipo ulusi anauchotsa patatha milungu iwiri.

Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti ananditulutsa ndili ndi kapaipi kotulutsa madzi a m'bala popanda namwino wondilangiza kasamalidwe kake, pamene ndalama zimene ndinalipira sizinali zamasewera. Kumunsi kwa msoko kunatseguka pang'ono, ndipo foni yawo inangoitana tsiku lonse osayankhidwa, ine ndili chigonere chafufumimba.

Wofuna thandizoli afunse dokotalayo kuti wachitapo opaleshoni zotere zingati, komanso kuti chipsera chidzakhala pati. Changa chili chakumanzere, ndipo tsopano ndimadutsa pa Mwanza popanda pilo pampando.