Miyezi 7 ndi khadi la hotelo ya ku Palm Springs, zomwe ndaona ndi izi

Abale anga, mu Epulo muja ndinalemba ndili ndi chimwemwe chokhachokha titangobwerako ku Palm Springs, ku chipululu cha California, komwe mu Malichi tinakakondwerera zaka 20 za ukwati wathu ine ndi abambo akunyumba. Ndinanenanso kuti pochoka tinagula khadi la umembala la chaka chimodzi pa hotelo tinagonayo, lija amati limatsitsa mtengo wa chipinda komanso mumapeza mapointi. Ambiri munafunsa ngati ndalamayo inapita pabwino, ndiye pano padutsa miyezi 7, tapitanso kawiri, nditha kuyankha mtima uli m'malo.

Choyamba ndi ichi, chomwe mumalipira mu Malichi si chipinda ayi, ndi nyengo. Ndinazindikira zimenezi mu Julayi titabwerera ndi khadi lija poti mitengo inali itagwa kwambiri. Chipinda chomwecho, bedi yomweyo, antchito omwewo aulemu wawo, koma kunja kunali moto weniweni, madigiri kupitirira 43 masana, chitsulo cha lamba wa m'galimoto osagwirika, madzi a mu pulu ofunda ngati osambitsira khanda. Tinkatuluka 6 koloko m'mawa, ikamakwana 9 tabwerera kale m'chipinda kukabisala. Mzinda umenewu pa 5 Julayi 2024 unafika madigiri 51, ndiye si zongokamba. Pomwe mu Malichi masana kumakhala cha m'ma 27, usiku kamphepo kozizirira koti umafunika kajuzi, m'mawa umakhala pakhonde ndi tiyi uku phiri la San Jacinto likuyamba kufiira ndi dzuwa pamwamba pake pali chipale chofewa, iwe uli pansi pa migwalangwa. M'mawa umenewo mpaka lero ndimaukumbukira ndikamapita kuntchito kukadali mdima.

Ndiye apa ndi pomwe khadi linandipweteka mtima. Nditafuna kubuka Malichi wa chaka chamawa, ndinapeza kuti masiku onse abwino khadi siligwira ntchito. Zinalembedwa ndithu m'pangano, tizilembo ting'onoting'ono kumapeto, koma wotigulitsa uja sanatchuleko n'kamodzi komwe ndipo zinandikhumudwitsa chifukwa ndinamufunsa maso ndi maso ngati tingadzabwere nyengo yomweyo. Chifukwa chake chikumveka, chigwa chonse cha Coachella chimadzadza nthawi imeneyo. Mu Febuluwale kuli Modernism Week ya anthu okonda nyumba za m'ma 1950, mu Malichi masabata awiri a tenisi ya BNP Paribas Open ku Indian Wells, mu Epulo mawikendi awiri a chikondwerero cha nyimbo cha Coachella ku Indio kenako chinanso cha Stagecoach, osawerengera ana asukulu omwe ali pa holide. Hotelo sizisowa alendo ndiye zikutsitsirani mtengo chifukwa chani? Komanso khadi silichotsa ndalama ina ija amati resort fee yomwe amawonjezera usiku uliwonse, ngakhale yoimika galimoto, ngakhale msonkho. Mukamawerengera bajeti muziyang'ana mtengo wa kumapeto kwenikweni, osati woyamba kuoneka pa foni.

Zabwino zilipo, ndisabise. Mu Okutobala khadi linagwira, anatipatsa chipinda chachikulu kuposa chomwe tinalipira ndipo chakudya cham'mawa chinali chaulere. Mtsikana wa pa risepishoni anatikumbukira, anafunsa za bondo la abambo, zinandigwira mtima zedi.

Koma ndikaunguza zomwe zatsala m'mutu mwanga pa maulendo atatu onsewa, zambiri sizinali mkati mwa mpanda wa hotelo. Palm Springs Aerial Tramway, ija inatsegulidwa mu 1963, imakunyamulani pa chingwe kwa mphindi pafupifupi 10 kukakusiyani pa mamita 2,596, pansi pa kabokosi mwaimamo pakuzungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone mbali zonse. Mumachoka pa mchenga n'kukatsikira m'nkhalango ya mapaini, fungo lake linandikumbutsa ku Zomba pamwamba paja, ndinaima kaye osayankhula. Tengani jekete, musapusitsidwe ndi kutentha kwa pansi. Kwina ndi ku Indian Canyons, malo a anthu a mtundu wa Agua Caliente Cahuilla omwe ndi eni nthaka ya mbali yaikulu ya mzindawu. Mu Palm Canyon mumayenda pakati pa miyala youma gwaa kenako mwadzidzidzi mwalowa mumthunzi wa migwalangwa yambirimbiri, masamba ake ouma akulendewera mpaka pansi ngati siketi, kamtsinje kakuyenderera pamapazi. Mu Malichi madzi analimo, ndinavula nsapato ndikuviikamo mapazi. Anthu omwewa ali ndi Spa at Séc-he pakati pa tawuni, pa kasupe wa madzi otentha yemwe anapatsa mzindawu dzina, ndipo mutha kulipira tsiku limodzi osagona. Lachinayi madzulo amatseka msewu wa Palm Canyon Drive kukhala msika wa VillageFest, kulowa ndi ulere. Paki ya zachilengedwe ya Joshua Tree ndi ulendo wa ola limodzi pagalimoto.

Chenjezo lina ndi mphepo. Mukamachokera ku Los Angeles pa msewu waukulu wa I-10, ulendo wa maola awiri msewu ukakhala bwino, mumadutsa pa San Gorgonio Pass pomwe pali makina ambirimbiri opanga magetsi ndi mphepo, ndipo sanawaike pamenepo mwangozi. Nyengo ya Malichi mphepo imakuntha mpaka mchenga kutseka misewu ngati Indian Canyon Drive ndi Gene Autry Trail. Ife tsiku lina tinazungulira mtunda wautali, mchenga uli m'mano. Hotelo ya kum'mwera kwa tawuni, pafupi ndi phiri, imatetezekako kusiyana ndi za kumpoto.

Khadi likatha sindiliwonjezera. Ndabuka kale kwina ndi ndalama zanga, kugona masiku anayi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, tenisi itatha Coachella isanayambe, ndipo ndinaimba foni ndekha kufunsa mtengo wonse ndi ma fee ake kenako ndinawapempha anditumizire pa imelo. Abambo akufuna ulendo uno tidzakwere tram ya m'mawa kwambiri tidzayende wapansi pamwamba pa phiri mpaka ku Round Valley, bondo likalola.