Facebook, X, Mastodon ndi Bluesky: anzathuwa ndi a ndani?

Batani la "like" palokha silisandutsa malo a pa intaneti kukhala ochezerapo. Masitolo a pa intaneti nawonso amatipempha kupereka nyenyezi, koma ndani anapitako kukacheza? Malo ochezera mumawadziwa chonchi: muli ndi dzina lomwe anthu amakudziwani nalo, zowerenga zimalembedwa ndi anthu anzanu, ndipo mukalankhula wina amakuyankhani. Pamenepa onse anayiwa akhoza. Amasiyana mukafunsa kuti ubale womwe mwamanga ndi anthuwo uli m'manja mwa ndani.

Facebook, yomwe Mark Zuckerberg anayambitsa mu 2004 ali ku yunivesite ya Harvard, imayendera kuvomerezana. Mumapempha, mnzanu n'kuvomera, ndipo anzanu sapitirira 5,000. Mphamvu yake ndi yakuti aliyense ali komweko, azakhali ndi mnzanu wa ku pulayimale yemwe. Koma zobwera pamwamba amasankha ndi makina a Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, imene ndalama zake zimachokera kwa otsatsa malonda. N'chifukwa chake kanema wa munthu wosamudziwa amakupezani m'mawa, pomwe uthenga wa maliro wa kwa mnzanu mumauona mwambo utatha kale.

Pa X simupempha, mumangotsatira. Inayamba mu 2006 ili Twitter, uthenga uli wa zilembo 140, ndipo mu 2017 zinafika 280. Nkhani ikangobuka, kuno ndiye imathamanga. Elon Musk ataigula mu Okutobala 2022 pa madola pafupifupi 44 biliyoni, dzina linasintha, ndipo kachizindikiro kabuluu komwe kale kankatsimikizira kuti munthuyu ndi yemwedi kanayamba kugulitsidwa. Ena anakondwa, ena ananyanyala. Onyanyalawo ndi amene anaona polekera: anatuluka okha, owatsatira onse n'kutsala m'nyumba ya eni. A pa Google+, malo ochezera a kampani ya Google, anaona zoposa pamenepa, poti nyumbayo inagwetsedwa mu 2019.

Mastodon anabwera kudzayankha vuto limeneli. Anamupanga ndi Eugen Rochko ku Germany mu 2016, ndipo si malo amodzi ayi, ndi maseva (makompyuta osunga maakaunti ndi zolemba za anthu) ambirimbiri, iliyonse ndi mwini wake komanso malamulo ake. Amalankhulana kudzera mu njira yotchedwa ActivityPub, yomwe bungwe la W3C, loona za miyezo ya pa intaneti, linavomereza mu 2018. Ganizirani za imelo: wa Gmail amalembera wa Yahoo popanda kusamuka. Kunonso wa seva ina amatsatira ndi kuyankha wa seva ina. Otsatsa malonda kulibe, zolemba zimabwera motsatana ndi nthawi yomwe zalembedwa, ndipo maseva ambiri amalola zilembo 500. Mukakangana ndi woyang'anira seva, mumasamuka pamodzi ndi okutsatirani.

Komatu tisanamizane, kusamukako n'kopereŵera: zomwe munalemba zimatsala ku seva yakale. Oyang'anira ambiri ndi anthu ongodzipereka, odalira zopereka, ndiye akatopa kapena ndalama zikawathera, seva imatha kutsekedwa. Seva ina imathanso kutsekereza inzake yonse, inu n'kutaya mnzanu pa mlandu wa wina. Nanga tsiku loyamba? Kuli zii. Palibe makina okukankhirani zoti muone, muyenera kufunafuna nokha anthu owatsatira, ndipo ambiri amabwerera pomwepa. Ine ndimati kacheteko n'kabwino, koma ndikudziwa kuti si onse amalowa pa intaneti kuti akagwirenso ntchito.

Bluesky ali pakati. Anayamba mu 2019 ngati ntchito ya mkati mwa Twitter, nthawi yomwe Jack Dorsey anali mkulu wa kampaniyo, kenako n'kuima payekha, ndipo anatsegulira aliyense mu Febuluwale 2024. Kulembetsa n'kosavuta, maonekedwe ndi a Twitter yakale, zilembo ndi 300. Chomwe ndimamukondera n'chakuti mumasankha nokha mndandanda wokubweretserani nkhani, ngakhale wopangidwa ndi munthu wina. Njira yake, AT Protocol, inakonzedwa kuti muzitha kusamuka ndi zolemba zomwe. Chondikayikitsa n'choti anthu ambiri akadali pa makompyuta a kampani imodzi yomweyo, ndiye ufuluwo ambiri sanauyesebe.

Ofuna achibale asadzivute, ali pa Facebook. Koma wolemba, wojambula kapena aliyense amene owerenga ake ndiwo chuma chake, ndingamulangize atsegulenso dzina pa Mastodon kapena Bluesky, moto usanafike. Ngakhale Meta yomwe inaona komwe mphepo ikulowera: Threads, pulogalamu yake yofanana ndi X yomwe inatuluka mu Julayi 2023, inayamba mu 2024 kulola ofuna kuti zolemba zawo zizioneka pa Mastodon. Maseva ena analandira, ena anatseka chitseko, ati mlendo wamkulu chotere akalowa adzayamba kulamula pakhomo.