Tofo, Závora kapena Maldives: kokaonera manta ngati scuba munaphunzirira pa Cape Maclear

Anzanga amene tinatengera limodzi khadi ya scuba (kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya) ku Cape Maclear, kuphatikizapo ena a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, anditopetsa ndi funso limodzi pa WhatsApp: manta tikamuonere kuti? Ndiyankhe kamodzi pano, wofunsanso ndizingomulozera. Ngati khadi yanu ndi yoyamba ija ya Open Water basi, pitani ku Závora m'miyezi yozizira. Ku Tofo mupite mutakweza kaye khadi. Maldives asiyireni amene ali ndi m'bale kunja wowatumizira madola.

M'nyanja yathu mulibe manta, ndi nsomba ya m'madzi amchere, ndipo gombe lotiyandikira kumene amaoneka kawirikawiri ndi la chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Tofo ndi Závora onse ali kumeneko. Aliko a mitundu iwiri: wa m'matanthwe, amene akatambasula mapiko amafika mamita 5, ndi wamkulu wa pakati pa nyanja amene amafika mamita 7, kuposa kutalika kwa minibasi ya pa Lizulu. Kuti ndi mitundu iwiri zinatsimikizika mu 2009, ndipo amene anatsogolera kafukufukuyo ndi Andrea Marshall, akugwirira ntchito pa Tofo pomwepo. Manta alibe mbola, amangosefa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti boti silithamangitsa manta. Pali malo odziwika pa matanthwe pamene manta amabwera kudzaima kuti tinsomba tating'ono timuchotse tizilombo pakhungu ndi kumuyeretsa mabala amene shaki yamuluma. Wotsogolera amakutsitsirani pamalo amenewo, inu mukhala chete m'munsi, n'kudikira. Choncho nkhani yonse yagona pa kuya kwa malo oyeretserawo, ndipo apa ndi pamene Tofo ndi Závora asiyana.

Ndiyambe ndi Tofo, popeza ndi kumene ndinapsa. Malo amene aliyense amapitira kumeneko ndi Manta Reef, kum'mwera kwa tauniyo, ulendo wopitirira theka la ola pa boti. Malo oyeretsera ali pa mamita opitirira 20. Khadi ya Open Water imalekezera pa mamita 18. Ife a ku nyanja ya Malawi malire amenewa sitiwaganizira n'komwe, chifukwa mbuna za pa Thumbi ndi pa Otter Point zili m'miyala ya pamwambamwamba, ndipo palibe amene anakubwezapo chifukwa cha khadi.

Shopu imene ndinalipira, dzina ndilisunga, inandigulitsa phukusi la maulendo angapo ndidakali kuno. Anandipempha chithunzi cha khadi, ndinatumiza, anachiona, analandira dipoziti. Pa chikalata chawo panali manta wamkulu atatambasula mapiko. M'mawa wa ulendo woyamba, nditavala kale wetsuit, chovala cha m'madzi choteteza kuzizira, ndi pamene mnyamata wa pa kauntala anandiuza mwaulemu wonse kuti khadi yanga siilola ku Manta Reef, pokhapokha nditalipira phunziro la kuya ndi mphunzitsi wake. Lamulolo ndilibe nalo mlandu, n'loteteza moyo. Mlandu wanga ndi wakuti khadi anaiona ndisananyamuke pa Dedza. Akanalemba mzere umodzi wokha, Advanced, khadi yotsatira yolola kutsika mozama, ndikanaichitira pa Cape Maclear, n'kulipira makwacha. M'malo mwake anadikira kufikira nditaima pa mchenga wawo, makilomita opitirira 1,000 kuchokera kwathu, pamene munthu sangakanenso.

Sizinathere pomwepo. Mtengo wa pa chikalata unali wa munthu wobwera ndi zida zake. Silinda ndi lamba wa mtovu zinali momwemo, koma jekete yoyandamitsa, regulator yopumira, wetsuit ndi kompyuta ya pamkono, chilichonse chinali ndi mtengo wake pa tsiku. Matanthwe akutali anali ndi ndalama yoonjezera ya mafuta, ndipo Manta Reef ndi amodzi mwa akutaliwo. Kunena kwina, phukusi la manta linali lopanda ndalama yofikira kwa manta. Tsiku limene mafunde anakula boti osatuluka, ndalama sanabweze. Anandipatsa kapepala kakuti ndidzagwiritse ntchito ndikadzabweranso, ngati kuti ndimakhala tsidya pa Maxixe. Kali m'chikwama mpaka lero. Sindikunena kuti mashopu onse a pa Tofo ndi otero, koma ine ndi dzinalo sitinagwirizanebe, ndipo muwerenge zotsatirazi mukudziwa zimenezo.

Ngakhale khadi ikulola, kuya kumadya nthawi. Pa tebulo la PADI, bungwe lopereka makhadiwa, losonyeza nthawi imene mungakhale pansi, pa mamita 25 muli ndi mphindi 29, pa mamita 18 mphindi 56, pa mamita 12 mphindi 147. Mpweya nawo pa mamita 25 umatha katatu ndi theka kufulumira kusiyana ndi pamwamba, ndipo munthu amene mtima ukugunda chifukwa ndi koyamba kulowa m'nyanja yamchere amaukoka kuposa apo. Mphindi 20 zikatha, manta wabwera kapena sanabwere, wotsogolera akuloza m'mwamba. Nitrox, mpweya wokhala ndi okosijeni wochulukirapo, imatalikitsako nthawi, koma nayonso ndi khadi ina ndi ndalama ina.

China chimene chikalata sichinena: manta a pa Tofo anachepa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti pakati pa 2003 ndi 2011, kuoneka kwa manta wa m'matanthwe kumeneko kunatsika ndi 88 peresenti. Maukonde a asodzi ndiwo anachita zambiri, komanso msika wa ku China umene umagula zosefera za m'makha mwa manta ngati mankhwala. Mozambique inaletsa kupha manta ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021, koma manta amabereka mwana mmodzi pa zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndiye sangabwerere msanga. Amaonekabe, makamaka wamkulu uja, koma mutha kulipira zonsezi n'kubwerako mutaona kamba ndi nkhanu zokha.

Ndisachite kaduka, Tofo ali ndi zake. Mashopu ndi angapo, mutha kusankha. Whale shark, shaki wamkulu wongosefa tizilombo ngati manta, amaonekera pamwamba penipeni, mungovala maski. Bungwe la Marine Megafauna Foundation, limene Marshall ndi Simon Pierce anayambitsa mu 2009, linabadwira pomwepo. Ma chapa, maminibasi a kumeneko, ochokera mu mzinda wa Inhambane ndi osasowa, ndipo matapa awo, chigwada chophika ndi mkaka wa kokonati ndi nsinjiro, ndinadya mosadandaula.

Závora ili kum'mwera, m'boma la Inharrime. Mumapatuka pa msewu wa N1 n'kulowa wamchenga. Kulibe tauni, kulibe ATM, ndipo dzuwa likalowa kwatha. Tengani ma metical okwanira musanapatuke. Koma malo oyeretsera a Red Sands ali pakati pa mamita 12 ndi 18, pafupi ndi gombe. Khadi ya Open Water ikukwana, ulendo wa boti ndi waufupi, ndipo pansi mumakhalitsa mpaka kuzizira kukutulutseni. Manta amachuluka kuyambira cha mu Julayi mpaka cha mu Okutobala. Ndi nthawi yomweyonso imene anamgumi a humpback amadutsa kuchokera ku Antarctica kudzaswana, ndipo kulira kwawo kumamveka muli pansi, mpaka m'nthiti.

Kumeneko ndi kumene manta anandidutsa pamwamba pa mutu, pafupi moti madontho a pamimba pake ndinawawerenga. Madonthowo ndi osiyana pa manta aliyense, ndipo ofufuza amawagwiritsa ntchito pozindikira kuti uyu ndi uja anaoneka chaka chatha. Wotsogolera wathu anatiuziratu tili pa mchenga: osamuthamangira, osamukhudza, osakwera pamwamba pa malo oyeretsera, khalani m'munsi mumusiye abwere yekha. Anabweradi. Ananenanso poyera, tisanalipire, kuti tsiku limene boti silituluka sitilipira. Mawu awiri okhawo anandigula mtima.

Choipa cha Závora ndi madzi. M'miyezi ya manta amakhala obiriwira, odzaza ndi chakudya chomwecho chimene chawakokera manta. Masiku ena simuona kupitirira mamita ochepa, ndipo manta amangotulukira mwadzidzidzi ali kale pamaso panu. Wokonda zithunzi zoyera za pa Facebook adzakhumudwa. Pa mamita 12 mafunde a pamwamba amakukankhaninso uku ndi uku. Kuzizira kwake musakupeputse poti ndinu a ku Dedza: kuzolowera chisanu cha mu Juni ndi jekete n'kwina, kukhala ola lathunthu m'madzi n'kwina. Pemphani wetsuit ya mamilimita 5. Kuli ndi sitima ya Klipfontein imene inamira mu 1953, koma ili pa mamita opitirira 50, si yathu imeneyo.

Pali zimene Tofo ndi Závora afanana, ndipo zonse ndi zachilendo kwa ife. Kulibe doko. Boti ndi lampira, mumalikankha nokha kuchokera pa mchenga kulowa m'mafunde, kenako mumakwera msanga, mapazi m'malamba, dzanja pa chingwe, woyendetsa n'kudikira mpata pakati pa mafunde. Amene munakumanapo ndi mwera pa Ilala mukudziwako pang'ono. Imwani mankhwala a nseru musanakwere, osati mutayamba kale kusanza. Madzi amchere amayandamitsa kuposa athu, ndiye mtovu umene mumavala pa Cape Maclear suwakwana. Onjezerani makilo awiri kapena atatu, ndipo wetsuit ikakhala yokhuthala, enanso. Pa matanthwe akuya madzi amakoka, ndipo otsogolera amafuna kuti mugwere m'madzi jekete ili yopanda mpweya n'kutsika nthawi yomweyo. Ameneyu ndi mchitidwe umene ambiri a ife sitinauyesepo. Inshuwalansi ya DAN, bungwe lothandiza a scuba pa ngozi, musaisiye, chifukwa wodwala matenda obwera chifukwa chokwera msanga kuchoka pansi pa madzi amamunyamula pa ndege kupita naye ku South Africa, ndipo bilu yake mudzagulitsa munda.

Tsono Maldives. Aliyense amene amandifunsa amakhala ataonera kanema wa Hanifaru Bay, manta makumimakumi akuzungulira pamodzi. Akuluakulu, pa Hanifaru scuba ndi yoletsedwa. Malowo ali m'dera la Baa Atoll limene UNESCO inalilemba m'kaundula wake mu 2011, ndipo mumangosambira pamwamba ndi maski, kwa mphindi zowerengeka, oyang'anira akukuonani. Khadi yanu ilibe ntchito pamenepo. Malo a scuba aliko, monga Lankan pafupi ndi Malé, madzi ofunda ndi oyera, boti lalikulu lokwerera pa doko. Pa madzi okha aposa Mozambique, sindingatsutse. Koma mitengo yambiri kumeneko imalembedwa ndi timitanda tiwiri (++) kumapeto, kutanthauza kuti pabwera 10 peresenti ya antchito ndi msonkho wa alendo umene unafika pa 17 peresenti mu Julayi 2025, osawerengera msonkho wa chilengedwe wa usiku uliwonse. Zonsezo m'madola, pamwamba pa tikiti ya ndege yosintha kawiri. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso mmene banki imakuyang'anirani mukapempha madola, ine ndinawerengetsa n'kutseka kope.

Nusa Penida ku Indonesia manta ali pamalo osaya, koma maboti amadzaza mpaka kusowa poyang'ana. Kona ku Hawaii amalowa usiku ndi nyali zokokera chakudya cha manta, n'zokongola, koma kuyambira mu Ogasiti 2025 Mmalawi wofuna viza yokacheza ku America ankatha kuuzidwa kuti asiye chikole chofika madola 15,000. Tisataye nthawi.

Pa ulendo, ife a Dedza ndi Ntcheu tili ndi mwayi. Chipata cholowera ku Mozambique chili pakhomo, cha Dedza kapena cha Biriwiri, viza siifunika kwa Mmalawi wongokacheza, ndipo ku Angonia konse mukulankhula Chichewa ngati muli kwanu. Kuchoka apo ndi Tete, Chimoio, Inchope, kenako N1 kulowera kum'mwera kuwoloka mtsinje wa Save mpaka Maxixe. Chigawo cha pakati pa Inchope ndi Save n'chodziwika ndi maenje, musachiyende usiku. Wopita ku Tofo amawoloka pa boti kuchoka Maxixe kupita Inhambane. Wopita ku Závora amangopitirira ndi N1. Ndi ulendo wa masiku, osati maola, ndiye musapite kukakhala masiku awiri okha, mafunde atha kudya onse awiri. Obwerera pa ndege, dikirani maola osachepera 18 mutatuluka m'madzi komaliza, poopa matenda a kukwera msanga aja. Ndipo ndinene pano, popeza ndimaona anthu akuchita: kutuluka m'madzi pa Cape Maclear masana n'kukwera Khwekhwerere madzulo omwewo kubwera ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, thupi limakuwerengera ngati kukwera ndege.

Amene mwakakamirabe Tofo, mwina chifukwa cha whale shark kapena manta wamkulu uja, chitani Advanced pa nyanja yathu musananyamuke. Pafupi ndi Thumbi pali boti limene analimiza dala pa mamita 30, phunziro la kuya mudzachitira pamenepo. Ndipo musanatumize dipoziti kwa aliyense, Tofo kapena Závora, akuyankheni polemba pa WhatsApp: malo a manta ali pa mamita angati ndipo khadi yanga ikulola, zida ndi mafuta zili mu mtengowu, boti likapanda kutuluka mukubweza ndalama kapena kapepala. Akayamba kuzungulira pa funso lachitatulo, funsani shopu ina.