Ku Antarctica pa sitima yaing'ono: ndakhutira, ngakhale Drake anatikhaulitsa

Musanalipire ulendo wa ku Antarctica, funsani kaye kuti sitimayo imanyamula anthu angati. Za zakudya ndi kukula kwa chipinda zibwere pambuyo. Malamulo a bungwe la IAATO, lomwe makampani otengera alendo kumeneko anakhazikitsa mu 1991, salola anthu oposa 100 kutsikira kumtunda nthawi imodzi, ndipo sitima yonyamula anthu oposa 500 siitsitsa munthu n'komwe. Ife tinali osakwana 100, choncho tikafika pamalo tinkatsika tonse, popanda gulu lina kutsala m'sitima kudikira. Nyengo ikalola tinkatsika m'mawa ndi masana omwe. Ndalama yanga inagwira ntchito pamenepa.

Tinanyamukira ku Ushuaia, kumunsi kwenikweni kwa Argentina, mu Disembala. Mu Beagle Channel, mpata wa madzi wotulukira ku Ushuaia, madzi anali bata. Titalowa mu Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, zinthu zinasintha. Kuwoloka kumatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo sitima yaing'ono imamva funde lililonse. Mbale zinkatsetsereka patebulo, m'makonde anakoleka timatumba tosanziramo, anthu ambiri anangobindikira m'zipinda. Dokotala anali ndi mankhwala a nseru, koma mankhwalawa amathandiza ukamwa mafunde asanayambe. Izi anatiuza sitima itayamba kale kudzandira, ndipo apa ndinakhumudwa nawo. Zinayenera kunenedwa tsiku lokwera.

Kutsika kuli ndi dongosolo lake. Umavala majombo omwe sitima imabwereketsa, kuponda m'madzi a mankhwala ophera tizilombo, kenako kulowa m'bwato laling'ono lopopa mpweya lotchedwa Zodiac, wogwira ntchito atakugwira dzanja mwamphamvu chapamkono. Tisanatsike koyamba anayendera zovala zathu, mpaka m'matumba ndi m'zipi, kuchotsa njere ndi zinyalala. Chifukwa cha chimfine cha mbalame chomwe chinafika m'derali, sitinkaloledwa kukhala pansi, kugwada kapena kuika chikwama pa chipale chofewa. Ena ankadandaula, makamaka ojambula zithunzi, koma ine ndinaona kuti n'zoyenera. Malowo ndi a nyamazo.

Ma penguin (mbalame za m'nyanja zosauluka) amtundu wa gentoo umayamba kuwamva fungo usanawaone. Ndowe zawo n'zofiirira chifukwa cha tinkhanu ta krill timene amadya, ndipo fungolo limakanirira m'jekete. Lamulo ndi loti ukhale mamita asanu kutali nawo, komanso usaime pa tinjira tawo totsikira kunyanja. Ndinaima nthawi yaitali ndikuonerera imodzi ikunyamula timiyala ndi mulomo. Inkapita pa chisa cha inzake, n'kudikira mwini ayang'ane kumbali, n'kutola mwala umodzi, kenako ulendo wa kwawo ikuyenda peyupeyu, n'kukauika bwinobwino pamapazi pa mnzake amene ankafungatira mazira. Wotitsogolera, katswiri wa za mbalame, anatifotokozera kuti miyalayo imakweza mazira kuti asanyowe chipale chikamasungunuka. Palibe amene anandifulumizitsa kubwerera ku bwato.

Ku Deception Island kunali kwina. Chilumbachi ndi phiri lophulika lomwe pakati pake panalowa nyanja, ndipo sitima imadutsa pa mpata wopapatiza wotchedwa Neptune's Bellows. Ku Whalers Bay, gombe la m'kati mwa chilumbachi, mchenga ndi wakuda bii, nthunzi ikufuka m'mphepete mwa madzi. Pali matanki akuluakulu adzimbiri a nthawi imene ankapha anamgumi, ndi nyumba za malo ofufuzira a Britain zomwe zinawonongeka phiri litaphulika mu 1969. Malo amenewa anandigwira mtima kuposa mmene ndinkaganizira.

Dziwani kuti ndandanda imene amakupatsani si lonjezo. Lemaire Channel, njira ya madzi yopapatiza pakati pa mapiri yomwe aliyense ankaiyembekezera, tinaipeza itatsekeka ndi madzi oundana. Mtsogoleri wa ulendo sanazengereze kapena kubisa: anatisonkhanitsa, n'kutionetsa mapu a mphepo ndi madzi oundana, sitima n'kutembenukira ku Neko Harbour. Kumeneko anamgumi anatulukira pafupi ndi bwato lathu, woyendetsa n'kuzimitsa injini kuti tiwamve akupuma. Ulemu wanga upite kwa gulu lotsogolera ulendowu.

Zondidandaulitsa zilipo. Kupalasa timabwato ta kayak n'kolipira padera, ndipo malo anali atadzaza kalekale tisanakwere, pomwe pogula tikiti sanandichenjeze. Intaneti nayo yolipira, koma yochedwa moti chithunzi sichinkapita. Chipinda changa chinali chakumbuyo, pafupi ndi injini, ndipo phokoso lake silinkatha usiku wonse. Zakudya zinali zabwino ndi zotentha, basi.

Okonza ulendo amafuna inshulansi yolipirira kukutulutsani mukadwala, ndiye ikonzeni msanga. Amene amavutika ndi nseru apemphe chipinda chapakati pa sitima, chapansi, kumene kugwedezeka kumachepa, ndipo amwe mankhwala asanatuluke mu Beagle Channel. Ine ndikadzabwerera, ndidzasankhanso sitima ya anthu osakwana 100.