Mita ya Credelec m'nyumba zanga za lendi ku Moatize, Mozambique

Ndili ndi tinyumba titatu ta lendi kuseri kwa nyumba yanga. Kale tonse tinali pa mita imodzi ya magetsi, ndiye mwezi ukatha kunali phokoso: uyu ali ndi firiji, uyo amasita zovala usiku, aliyense akuloza mnzake. Ine ndinkangowonjezera pa lendi kuti ndisaluze, iwo n'kumati bambo awa ndi adyera.

Pano khomo lililonse lili ndi mita yakeyake ya Credelec, yolipiriratu, ya EDM, kampani ya magetsi kuno ku Mozambique. Munthu amagula yekha magetsi pa foni ndi M-Pesa, n'kulowetsa pa mita manambala omwe walandira, basi. Akatha, mdima ndi wake yekha, ngongole yondisiyira palibe. Mayi wina wogulitsa madzi ozizira adayamba kuzimitsa firiji usiku popanda womuuza.

Kudula kwake kuli poyambira: nyumba iliyonse imafuna mawaya akeake, ndipo wamagetsi salipidwa ndi zikomo. Chiyambireni kampani ya Vale kukumba malasha kuno mu 2011, anthu amaganiza kuti aliyense wa nyumba za lendi ndi bwana, kuiwala simenti ndi malata. Mawayawo ndidalipira ndekha, lendi sindidakweze chaka chomwe ndidaika mamitawa.