Aquinas kapena Pascal, mnzanu akamakayika zoti Mulungu alipo

Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy yemwe anamwalira mu 1274, amati chilichonse chili ndi chochiyambitsa, ndiye mukamabwerera m'mbuyo mumakafika pa woyamba amene palibe anamuyambitsa, ameneyo ndi Mulungu. Blaise Pascal wa ku France, zaka za m'ma 1600, iye amangoti betchani: mukakhulupilira ndiye Mulungu alipodi mwapata moyo wosatha, ngati kulibe mwataya zochepa.

Kumveka msanga: mfundo ya Pascal, olo mu minibasi mutha kuifotokoza.
Ya Aquinas imafuna kukhala pansi bwinobwino.

Kulimba: Aquinas, koma funso loti nanga Mulunguyo anamulenga ndani liyembekezereni.
Ya Pascal ine imandivuta ndithu, siinena kuti Mulungu wake uti, komanso munthu sungangodzikakamiza kukhulupilira chifukwa cha phindu.

Mnzanu wokonda kufunsa mafunso mpatseni Aquinas. Amene mtima ukufuna kale koma akuzengereza, Pascal amukwana.