Maapozi: m'dengu kapena mufiriji?

Maapozi ambiri amene timagula m'masitolo muno mu Lilongwe amachokera ku South Africa, makamaka ku Ceres ndi Elgin, komwe ambiri amathyoledwa pakati pa Febuluwale ndi Epulo. Amene mwagula mu Okutobala ndiye kuti akhala miyezi m'zipinda zozizira pafupifupi madigiri 0, zochepetsedwa mpweya wa okosijeni kuti asapse msanga. Akangotulukamo amayamba kukalamba mofulumira.

M'dengu patebulo amakongola, ana amawafikira mosavuta, koma ndi dzuwa la mu Okutobala, pakangotha sabata afewa, khungu lakwinyika, mkati mwauma ngati ufa. Akagonanso pamodzi ndi nthochi kapena tomato, mpweya wa ethylene umene amatulutsa umapsetsa zonsezo msanga.

Mufiriji, m'kabokosi ka pansi kaja, muwaike m'jumbo yobooledwa timabowo, amatha milungu inayi kapena kuposa akadali olimba. Magetsi akazima kwa maola angapo, musamatsegule chitseko pafupipafupi, sawonongeka.

Ine ndimasankha firiji, makamaka ndikagula a mtundu wa Granny Smith, obiriwira aja, omwe amapirira kuposa a mtundu wa Golden Delicious. Koma omwe afinyika panjira idyani tsiku lomwelo, chifukwa amaoletsa anzawo.